Masekondi Anayi a Achimwene

Achimwene anaoneka pa kanema Lachiwiri, pa nkhani zamadzulo, ndipo Lachinayi abwana awo anawalanda makiyi a galimoto.

Nkhaniyo inali ya chipolowe chimene chinabuka masana a Lachiwiri lomwelo mumsewu wa masitolo. Poyamba anaonetsa chikhamu cha anthu chikuswa chitseko chagalasi cha sitolo ya zipangizo zamagetsi. Kenako anaonetsa achimwene akutuluka pakhomo lomwelo atasenza kafiriji paphewa, nkhope ikuoneka bwinobwino, uku wowerenga nkhani akunena kuti akuba asesa katundu yense. Pambuyo pake panabwera apolisi ndi utsi. Achimwene anakhala pa kanemapo masekondi anayi.

Tonse tinali pabalaza. Amayi ankasita yunifolomu yanga, ndipo anaimika simbi m'mwamba.

"Uyo si iwe?"

"Ndine," anatero achimwene. "Koma si lero."

Zaka ziwiri m'mbuyomo iwo ankagwira ntchito yonyamula katundu m'sitolo imeneyo. Sitoloyo inagulitsidwa, mwini wake wakale anasamukira kunja, ndipo achimwene anapeza ntchito yoyendetsa galimoto pa kampani yokaperekera katundu m'makomo mwa anthu. Tsoka lake, tsiku la chipolowe analidi m'dera lomwelo. Msewu utatsekedwa anaimika galimoto kuseri kwa malo omwetsera mafuta, nadzitsekera mkati mpaka zinthu zitazizira. Palibe wowadziwa amene anawaona, ndipo kuofesi anafika mochedwa kwambiri.

Abwana awo sanakalipe. Anati iwo sakunena kuti achimwene ndi wakuba, koma makasitomala akuimba foni kufunsa ngati munthu wa pa kanema uja ndi yemwe amalowa m'nyumba zawo. Anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti abweretse umboni wogwirika. Kupanda apo, galimoto ipatsidwa dalaivala wina.

Ine ndinali m'chaka chomaliza cha sekondale. Tinali ndi phunziro losanthula masewero, mafilimu ndi nkhani za m'manyuzipepala ndi pa kanema. Aphunzitsi ake tinkawatcha a Bwezerani, chifukwa filimu sinkayenda mtunda m'kalasi mwawo asananene mawu amenewo. Kumayambiriro kwa teremu anajambula mnzanga Belu akuthamanga pakhonde la sukulu. Dzina la Belu linabwera chifukwa pakamwa pake sipatsekeka. Aphunzitsi analumikiza chithunzi chake ndi cha galu akuuwa, ife tonse tinati Belu akuthawa galu. Anachilumikizanso ndi cha chitseko cha kalasi chikutsekedwa, tinati wachedwa. Ulendo wachitatu anaika cha mnyamata wina wa kalasi yoyandikana akumwetulira, kalasi yonse inafa ndi phwete, Belu n'kulumbira kuti munthuyo sanamulankhulepo chibadwire. Kuthamanga kunali kumodzi komweko.

Ntchito yotsekera teremu inali yakuti aliyense asankhe sewero, filimu kapena nkhani, aisanthule pamaso pa kalasi. Ine ndinatenga nkhani ya chipolowe pa tsamba la kanemayo la pa intaneti, ndipo ndinapempha kuti ndiyambe ndine.

Ndinalankhula mtima uli m'mwamba. Ndinati atolankhani ndi abodza, amapha anthu ndi zithunzi. Ndinati munthu wasenza firijiyo ndi mchimwene wanga, sanabepo ngakhale singano, ndi amene amandilipirira sukulu. Atsikana ena anagwetsa misozi. Belu anayamba kuwomba m'manja, koma atayang'ana kumbuyo anasiya.

A Bwezerani anali atakhala pa desiki yomaliza, manja atapinda.

"Wamaliza?"

"Ndamaliza, aphunzitsi."

"Pepa ndi zimene zagwa kunyumba. Ndikunena zochokera pansi pa mtima. Koma watiuza zimene ukudziwa, sunatiuze zimene ukuona. Wakuba aliyense ali ndi mlongo wake, ndipo alongo onsewo amanena zomwe wanenazi. Ine munthuyu sindimudziwa. Ndaona chitseko chikuswedwa, ndaona munthu akutuluka ndi firiji. Unditsutse ndi chithunzicho."

"Ndiye mukuti achimwene anaba?"

"Ndikuti sunagwire ntchito. Ubwerenso Lolemba."

Ndinatuluka m'kalasimo makutu akutentha. Belu ananditsatira mpaka pampopi akuwanena aphunzitsi kuti mtima wawo ndi wa simenti, mwina anabadwa opanda abale. Nditasamba kumaso ndinamuuza kuti atseke pakamwa, tipite kuchipinda cha makompyuta.

Tinatsegula nkhani ija n'kuyamba ndi kuzimitsa mawu, monga tinkachitira m'kalasi. Popanda phokoso la anthu, chidutswa cha achimwene chinasanduka china. Iwo sankathamanga. Ankayenda mwa masiku onse, dzanja limodzi litagwira firiji, lina likukankha chitseko. Kumbuyo kwawo kunkadutsa mayi atagwira mwana padzanja, mwanayo akunyambita switi.

"Mayi uyu ndiye wolimba mtima," anatero Belu. "Anthu akuswa masitolo, iye ali pa ulendo wokaona anthu."

Tinaikanso mawu. Kukuwa kwa chikhamu kunkapitirira pansi pa chidutswacho osadukiza, koma pa anthu onse ooneka panalibe ndi mmodzi yemwe woyasamula. Phokosolo linachokera ku chidutswa choyamba, analiyala pamwamba pa chachiwiri.

Kenako tinayang'ana kamera. Pa chidutswa choyamba ndi chachitatu chithunzi chinkagwedezeka, kupendekeka, nthawi zina kuloza pansi, monga zimakhalira wojambula akamathawa nayo kamera m'manja. Pa cha achimwene chinali phee, chowongoka, kamera itakhazikidwa pa miyendo yake. Chitseko chagalasi chimene tinachiona chikuswedwa chinali chathunthu, ndi zomata zake zonse. Pansi panali madzi a mvula, pamene Lachiwiri lija kunali dzuwa ndi fumbi.

Ndinkadziwa zimene a Bwezerani adzanene. Adzati mwina anayamba kujambula chitseko chisanaswedwe, n'kusintha ndondomeko polumikiza. Adzati madziwo mwina wina anakhuthula ndowa. Ndinafuna chinthu chimene sichingasinthe tsiku limodzi.

Ndinachipeza Lachisanu, pa nthawi yopuma, pakona yakumanja ya chithunzi. Pafupi ndi sitoloyo pali nyumba yosanja. Pa chidutswa choyamba inali yofolera, yopakidwa penti yachikasu, pakhonde lam'mwamba pali zovala zoyanikidwa. Pa chidutswa cha achimwene, pamwamba pa phewa lawo, nyumba yomweyo inali njerwa zokhazokha, yopanda denga, mitengo ya amisiri itazungulira khoma. Inkangooneka kachigawo kochepa, ndipo firiji inkaiphimba achimwene akangoponda kawiri.

Loweruka tinapita kumsewuko. Ndinaima pamene ndinaganiza kuti kamera inaima, ndinasuntha mpaka mzati wa magetsi unagwera pamalo omwe unali pa chithunzi, ndipo ndinajambula ndi foni. Nyumba yachikasu inalowa pakona yomweyo.

Lolemba ndinaimanso kutsogolo. Sindinatchule za ubale. Ndinati "munthu wa firiji". Ndinaonetsa nkhani yonse kamodzi, kenako chidutswa chilichonse pachokha, mawu atazimitsidwa. Ndinatchula za mayi ndi mwana, za phokoso, za kamera, za chitseko.

"Mwina anasintha ndondomeko," anatero a Bwezerani ali kumbuyo. "Anayamba kujambula chitseko chisanaswedwe."

"N'zotheka, aphunzitsi."

"Madziwo mwina wina anakhuthula ndowa."

"N'zothekanso."

Ndinaika zithunzi zitatu pakhoma moyandikana: cha chipolowe, cha munthu wa firiji, ndi changa cha Loweruka. Ndinaloza pakona ndi rula. Kenako mnyamata wina wa kutsogolo anati, "Denga lapita kuti?"

"Akubawo ndi akatswiri," anayankha Belu. "Anaba denga, anakanda penti yonse, n'kubwezeretsa zonse apolisi asanafike."

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya madesiki. A Bwezerani anadzuka, anabwera pafupi ndi khoma, anavula magalasi ndi kuyang'anitsitsa pakonapo nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti chiyani? Unene zokhazo zimene chithunzi chikukulola kunena."

"Chidutswa chachiwiri sichinajambulidwe tsiku la chipolowe. Chinajambulidwa nyumba iyi isanathe kumangidwa. Tsiku lenileni sindikulidziwa. Amene anachiika sindikumudziwa, ndipo sindikudziwa ngati anachita dala."

"Apo ndiye wagwira ntchito," anatero. "Koma malikisi anga sabweza makiyi a galimoto. Ukapite nazo kwa amene anadula zithunzizi. Laputopu ndikubwereka. Ukaigwetsa usadzabwerenso kuno."

Tinapita kumaofesi a kanemayo Lachitatu titaweruka, ine, Belu ndi achimwene. Mwezi unali utatsala pang'ono kutha. Achimwene anavala jekete la amalume, lalikulu m'mapewa, ndipo njira yonse ankangoti tibwerere, anthu akuluakulu ngati amenewa samva za ana a sukulu.

"Achimwene, inu mukakhale pabenchi. Mukangoyamba kulankhula mutiwonongera."

"Iwe, ndine mkulu wako."

"Pabenchi."

Polandirira alendo anatiuza kuti madandaulo amalembedwa ndi kusiyidwa m'bokosi. Belu anayamba kufotokoza nkhani yonse kuchokera pa galu wa pakhonde la sukulu, mokweza, osapuma, mpaka mayi wa pamenepo anaimba foni m'mwamba, ndikuganiza pofuna kupulumutsa makutu ake.

Anatilola kukwera, ine ndi Belu. Chipinda cha nkhani chinali chachitali, chodzaza madesiki ndi mawaya, makanema ambiri ali pakhoma opanda mawu. Mkonzi wa nkhani anali mayi wamfupi, wa imvi zochepa, foni ili pakhutu ndipo ina ikulira padesiki. Sanatipatse mpando.

"Ana inu, ndili ndi nkhani zoti zituluke madzulo ano. Ngati wachibale wanu anaoneka pa kanema akuchita zosayenera, limenelo si vuto langa. Kamera sinama."

"Sindinabwere kudzadandaula, mayi. Ndabwera kudzakuonetsani zithunzi zanu zomwe."

Ndinatsegula laputopu pakona ya desiki yawo. Ndinayamba ndi nyumba, chifukwa ndinaona kuti nthawi ndilibe. Zithunzi zitatu zija zinaima moyandikana. Mkonzi anayang'ana mwachidule, anayang'ananso, kenako anauza wa pafoni kuti amuimbiranso.

"Ndionetse ikuyenda."

Ndinaonetsa, mawu atazimitsidwa. Sindinafunike kutchula za kamera. Iwo anaona okha, ndipo anatukwana motsitsa mawu. Anatembenuka n'kuitana mnyamata wa mahedifoni amene anakhala kumapeto kwa chipinda. Ameneyo ndiye wodula ndi kulumikiza zithunzi.

"Chipolowe cha Lachiwiri lija unadula ndiwe?"

"Eya, mayi."

"Ichi unachitenga kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana, nkhope inagwa. Anafotokoza mosabisa. Wojambula anathawa utsi wokhetsa misozi, anabwera ndi zithunzi zochepa. Mawu a mtolankhani anali aatali kuposa zithunzizo, pakati panatsala mpata, ndipo pa kanema sungasiye mdima munthu akulankhula. Nthawi inali itatha. Iye analemba dzina la sitolo mu nkhokwe ya zithunzi zakale, chinatuluka chidutswa cha munthu akutuluka ndi katundu, anatseka nacho mpatawo. Chinali cha nkhani ya kukwera mitengo kwa zipangizo zamagetsi, ya mwezi wa Febuluwale zaka ziwiri zapitazo.

"Nanga mawu oti 'zithunzi zakale' amene timaika pakona?"

"Ndinaiwala, mayi."

"Unaiwala. Ndipo ine ndinaivomereza." Anapumira m'mwamba. "Bwerera kuntchito. Tikambirana ukamaliza."

Mkonzi anandiyang'ana tsopano kwa nthawi yoyamba ngati munthu.

"Munthuyu ndi ndani wako?"

"Mchimwene wanga. Ali pansi pabenchi. Anaimitsidwa ntchito chifukwa cha chidutswachi, ndipo mwezi ukatha amuchotseratu."

"Bwanji sunayambe ndi zimenezo?"

"Munanena kuti si vuto lanu."

Belu anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Mkonzi sanaseke, koma anakoka mipando iwiri ndi kutuma munthu kukaitana achimwene. Atalowa, mayiyo anaimirira ndi kuwagwira dzanja.

"Bambo, takulakwirani. Tichotsa nkhaniyi pa intaneti lero lomwe, ndipo kumapeto kwa nkhani zamadzulo tinena mawu opepesa."

Achimwene anayamba kuthokoza, akuwerama, jekete likutsetsereka paphewa. Ndinawaponda phazi.

"Mayi, kumapeto ndi pambuyo pa zamasewera ndi zanyengo. Anthu amakhala atadzuka kale. Nkhani ija inali yoyamba, ndipo anthu anaona nkhope. Mukangonena mawu opanda nkhope, palibe adzadziwe kuti mukunena za ndani. Komanso mukaichotsa pa intaneti, amene anaisunga m'mafoni adzapitiriza kutumizirana yakaleyo."

"Ndiye ukufuna undikonzere pulogalamu?"

"Ayi. Ndikupempha kuti chidutswa chomwecho chionekenso, ndi tsiku lake lenileni litalembedwa, m'chigawo choyamba."

"Chemwali, zakwana," ananong'ona achimwene. "Usawakwiyitse."

Mkonzi anagogoda desiki ndi cholembera. Foni inaliranso, sanaiyankhe.

"Kuyamba nayo sindingathe, lero kuli nkhani yaikulu. Ibwera yachiwiri, tisanapite kwa otsatsa malonda. Chidutswa, tsiku, dzina lawo ngati alola, ndi kupepesa. Pa intaneti tiika yokonzedwayo pamalo a yakale." Anatembenukira kwa achimwene. "Mukulola dzina?"

"Litchuleni lonse," anatero achimwene. "Ndi la pakati lomwe."

Potuluka mkonzi anandifunsa kalasi yanga ndi dzina la aphunzitsi. Belu anayankha m'malo mwanga, n'kuwonjeza kuti za mayi wa mwana wa switi anazitulukira ndi iyeyo, zilembedwe penapake.

Madzulo pabalaza pathu panadzaza. Amayi anali atauza anthu a nyumba zoyandikana, ngakhale aja amene masiku onsewa ankatipatsa moni woyang'ana kumbali. Achimwene anatumiza uthenga kwa abwana awo wongoti aonere nkhani. Nkhani yoyamba inatha. Wowerenga anayang'ana kamera, nati kanemayo ikufuna kukonza cholakwa. Achimwene anatulukanso pachitseko chagalasi ndi kafiriji kawo, koma tsopano pansi panalembedwa mwezi ndi chaka, ndipo phokoso la chikhamu panalibe. Kunkamveka magalimoto ndi wailesi ya m'sitolo. Wowerenga anatchula dzina lawo lonse, anati pa nthawiyo anali wantchito wa sitoloyo, analibe mbali iliyonse m'chipolowe, ndipo kanemayo ikupepesa kwa iwo ndi banja lawo. Anawonjeza kuti cholakwacho anachitulukira ndi wophunzira wa sekondale.

Pabalaza panali chiphokoso. Amayi anandikumbatira mpaka khosi kuwawa. Bambo wa nyumba yoyang'anana nafe ankauza aliyense kuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti mnyamatayu sangabe, ndipo amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Foni ya achimwene inalira otsatsa malonda asanamalize. Anakweza dzanja, tonse tinakhala chete. Anaika pokweza mawu.

"Ndaonera," anatero abwana. "Mkazi wanganso waonera, ndipo wandinena mokwanira. Mawa kuli katundu wambiri wa kutsidya kwa njanji. Makiyi mukawapeza kwa mlonda."

"Zikomo, bwana."

"Wophunzira akumunenayo ndi ndani?"

"Mlongo wanga, bwana. Ali pompano."

"Muuzeni kuti makamera a kuofesi kwanga asawayandikire. Musachedwe mawa."

Foni itaduka achimwene anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Amayi anayamba kutulutsa alendo mwaulemu, akuti mwana wawo akudzuka m'mamawa, ali ndi ntchito.